Ulendo woyamba wa ku Elafonisi: ola, mphepo, msewu ndi mchenga wa pinki

Elafonisi ndi gombe lomwe lili kunsonga ya kumwera chakumadzulo kwa Crete, chilumba chachikulu kuposa zonse za dziko la Greece. Linatchuka ndi mchenga wa pinki ndi madzi osaya ooneka mpaka pansi, ndipo mu 2025 Tripadvisor, tsamba la pa intaneti la apaulendo, inaliika pa nambala wani mwa magombe onse a padziko. Kutchuka komweko ndi kumene kumasautsa mlendo woyamba. Amene wafika 12 koloko masana mu Ogasiti, tsiku la mphepo, amapeza khwimbi la anthu, maambulera othinana ndi mchenga wolasa m'maso, n'kubwerera akung'ung'udza kuti zithunzi zinamunamiza. Amene wafika 8 koloko m'mawa tsiku la bata, n'kuwoloka kupita kukachilumba ka kutsidya, amabwerako ndi nkhani ina. Gombe ndi lomwelo. Chimasiyana ndi ola lofikira, mphepo ya tsikulo ndi pamene munthu wayala thaulo lake.

Chenjerani ndi dzinali musanagule tikiti iliyonse. Greece ili ndi malo awiri a mayina ofanana. Elafonisi wa nkhani ino ali ku Crete, m'chigawo cha Chania. Winayo ndi Elafonisos, kachilumba ka kumwera kwa Peloponnese, dera la kumwera kwa mtunda waukulu wa Greece, komwe kuli gombe la Simos, ndipo pakati pa awiriwa pali nyanja. Polemba pa mapu a pafoni onjezani mawu akuti Crete kapena Kissamos, tauni ya kumpoto kwa gombeli.

Zikalata

Mapasipoti a Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa onse amafuna viza ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya momwe mulinso Greece. Kukhala ndi chilolezo chokhalira ku Britain sikuchotsa lamuloli: ngati pasipoti ili ya Malawi, viza ifunikabe, kungoti mumaipemphera komwe mukukhalako. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 kwa wamkulu ndi 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, kupatula ndalama yomwe ofesi yolandira mafomu imalipiritsa. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ikhale yotuluka m'zaka 10 zapitazi, ndipo itsale ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka m'mayiko a Schengen. Inshulansi ya zaumoyo isachepere mayuro 30,000. Yankho limatenga masiku 15 koma limatha kufika 45, ndipo malo opangira apointimenti amadzaza msanga pa nyengo ya tchuthi. Lamulo limalola kupempha kutatsala miyezi 6, choncho wofuna kupita mu Juni ayambe mu Malichi.

Bwalo la ndege loyenera ndi la mzinda wa Chania, osati la Heraklion, mzinda waukulu wa Crete. Kuchoka ku Athens ndi ulendo wosakwana ola limodzi pa ndege, kapena usiku umodzi pa sitima yapamadzi yochokera ku Piraeus, doko la Athens, kukafika ku Souda, doko la Chania. Okhala ku Britain amapeza ndege zachindunji zopita ku Chania m'miyezi yotentha. Kutsikira ku Heraklion kumawonjezera maola awiri apamsewu, ndipo kuchita Elafonisi tsiku limodzi kuchokera kumeneko ndi kungodzitopetsa, pakuti kupita ndi kubwera ndi maola opitirira 6 muli m'galimoto.

Mwezi ndi ola

Nyengo za kumeneko zimatembenuzana ndi zathu. Pamene ku Dedza ndi ku Mzuzu anthu ali m'majuzi mu Juni ndi Julayi, ku Crete dzuwa limakhala likuswa mtengo, kutentha kukudutsa madigiri 30. Julayi ndi Ogasiti ndiyo miyezi ya chipwirikiti, makamaka masiku ozungulira pa 15 Ogasiti, tsiku lalikulu la Maria mu mpingo wa Orthodox, pamene Agiriki eniake amatseka ntchito n'kuthamangira kunyanja.

Miyezi yabwino kwa mlendo woyamba ndi Juni, makamaka koyambirira, ndi theka lachiwiri la Sepitembala mpaka koyambirira kwa Okutobala. Pakati pa ziwirizi Sepitembala ndiye wopambana, chifukwa nyanja imakhala yafunda ndi dzuwa la miyezi itatu, madigiri 24 kapena 25, pomwe koyambirira kwa Juni imakhala ikadali yozizirirako kwa munthu wozolowera madzi a ku Mangochi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo malowa amakhala zii: kulibe mabasi, kulibe ogulitsa, kulibe wopulumutsa anthu m'madzi.

Koma ola ndi lofunika kuposa mwezi. Mabasi akuluakulu a alendo amanyamuka kumahotela a kumpoto akatha kadzutsa, ndipo amakhuthula anthu awo kuyambira cha m'ma 11 koloko. Amawatenganso pakati pa 3 ndi 4 koloko masana. Ndiye pali mipata iwiri. Woyamba ndi kufika isanakwane 9 koloko, kutanthauza kunyamuka ku Chania isanakwane 7, n'kuchoka dzuwa likafika paliwombo. Wachiwiri ndi kufika cha m'ma 4 koloko n'kukhala mpaka dzuwa kulowa, komwe mu Julayi ndi cha m'ma 8:30 usiku. Mpata wa m'mawa ndiwo wabwino, chifukwa mphepo nthawi zambiri imakula masana, ndiponso mumabwerera kukuwala. Wa madzulo uli ndi kuwala kokoma kojambulira, koma mudzayendetsa galimoto mumdima pa msewu wa m'mapiri. Wotchi ya ku Greece m'nyengoyi imatsogola ndi ola limodzi pa ya ku Malawi, ndi maola awiri pa ya ku Britain.

Mphepo

Ichi ndicho chimene ambiri saganizira, ndipo ndicho chimawononga maulendo ambiri kuposa khamu la anthu. Wodziwa mwera wa pa nyanja ya Malawi amvetsa msanga. Ku Greece kuli mphepo yotchedwa meltemi, youma, yochokera kumpoto, yomwe imawomba mwamphamvu mu Julayi ndi Ogasiti, nthawi zina masiku atatu kapena anayi osalekeza, kumwamba kuli mbee popanda kamtambo. Elafonisi ili pansonga, yafulati, yopanda phiri lotchinga kumbali ya nyanja, choncho mphepo ya kumpoto ndi ya kumadzulo imalowa mosaletseka. Mchenga wake ndi wosalala ngati ufa, ndiye umauluka msanga.

Agiriki amayeza mphepo ndi muyezo wa Beaufort, eniake amati bofor, ndipo mudzamva aliyense akutchula nambala imeneyi. Pa 3 kapena kutsika, pitani osakayika. Pa 4, yomwe ndi makilomita 20 mpaka 28 pa ola, n'kotheka ndithu, kungoti ambulera izikidwe bwino. Pa 5, makilomita 29 mpaka 38, mchenga umayamba kulasa m'miyendo ndi kulowa m'chakudya. Pa 6 kupita m'mwamba, sinthani tsiku. Onani pa masamba a zanyengo a pa intaneti, meteo.gr kapena Windy, usiku woti mawa mukupita, ndipo funsani za Elafonisi yeniyeniyo, osati za Chania, chifukwa mumzinda mukhoza kukhala bata pamene kugombeko mphepo ikuzula maambulera.

Pa chifukwa chimenechi musaike Elafonisi pa tsiku lomaliza la tchuthi, ndipo musalipiriretu ulendo wosabwezeka ndalama sabata yathunthu isanafike. Siyani masiku awiri kapena atatu omasuka, musankhepo la bata.

Kafikidwe

Kuchoka ku Chania ndi makilomita pafupifupi 75. Pamapu ukuoneka waufupi, koma werengerani ola limodzi ndi theka mpaka maola awiri. Chigawo choyamba, cholowera kumadzulo cha ku Kissamos, ndi msewu waukulu wothamanga. Mutangotsala pang'ono kufika ku Kissamos mumapatukira kumwera, kudutsa midzi ya Kaloudiana, Voulgaro, Topolia, Elos, Kefali ndi Vathi, kenaka kutsetsereka kupita ku Chrysoskalitissa ndi kugombe. Zikwangwani zambiri zimalembedwa m'zilembo za Chigiriki ndi zathuzi.

Mukangodutsa mudzi wa Topolia msewu umakwawa m'mbali mwa chigwa chakuya, n'kulowa m'phanga loboola thanthwe lomwe mumadutsa galimoto imodzi yokha. Pali maroboti mbali zonse ziwiri. Dikirani obiriwira ngakhale kutsogolo kukuoneka kopanda kanthu, chifukwa basi ikhoza kukhala ili kale m'kati. M'makhota ena basi imadya msewu wonse, ndipo wa galimoto yaing'ono ndiye amayenera kuima kapena kubwerera m'mbuyo. Mbuzi zimagona pa tala penipeni, ndipo timiyala togumuka timapezeka m'makhota mvula ikagwa.

Ku Greece amayendetsa kudzanja lamanja, chiwongolero chili kumanzere, giya mukusintha ndi dzanja lamanja. Pamsewu wowongoka palibe vuto. Cholakwika chimachitika potuluka pamalo oimikapo kapena pa filing'i siteshoni, msewu ukakhala wopanda magalimoto ena: dzanja limakokera lokha kumanzere. Pemphani amene mwakhala naye kuti azikukumbutsani pa mphambano iliyonse. Pamsewu waukulu anthu a ku Crete ali ndi chizolowezi choti wapang'onopang'ono amasendera m'mphepete kuti wa liwiro adutse, ndipo akakuthwanimitsirani magetsi kumbuyo ndi zimenezo akupempha.

Laisensi ya ku Malawi, Zambia kapena South Africa imafuna kuperekezedwa ndi chiphaso choyendetsera galimoto kunja, International Driving Permit, chomwe mumatenga kwanu musananyamuke. Ya ku Britain imalandiridwa yokha. Magalimoto obwereka ambiri ndi a manyuwo, ndipo a otomatiki amatha msanga, choncho sungitsiranitu. Werengani pepala la inshulansi: ambiri salipira matayala, magalasi ndi kunsi kwa galimoto, ndipo salipira chilichonse chochitika pa msewu wa fumbi. Thirani mafuta ku Chania kapena ku Kissamos, chifukwa m'mapirimo malo othirira ndi ochepa.

Pali msewu wina wa m'mbali mwa nyanja ya kumadzulo, wodutsa ku Sfinari ndi Kampos n'kukakumana ndi woyambawo cha ku Kefali. Ndi wokongola kwambiri, komanso wokhotakhota kwambiri ndi wochedwetsa. Ngati mukuufuna, ukhale wobwererera, masana. Ana ndi akulu omwe amachita nseru m'galimoto amwe mankhwala ake kutatsala theka la ola kapena ola kuti munyamuke, adye pang'ono, ndipo asamayang'ane pafoni.

Wosafuna kuyendetsa ali ndi njira zitatu. Mabasi a KTEL, omwe ndi mabasi wamba olumikiza mizinda ndi midzi, amanyamuka pa depoti ya ku Chania m'mawa n'kubwerera madzulo, m'miyezi ya alendo yokha, ulendo wa maola awiri ndi kanthu. Gulani tikiti yopita ndi yobwerera dzulo lake, ndipo tsimikizani nthawi yobwerera pa depoti pomwepo, chifukwa basi yomaliza ikakusiyani takisi yobwerera ku Chania ndi ndalama zambiri. Njira yachiwiri ndi mabasi a makampani a alendo omwe amakutengani pa hotela. Yachitatu ndi boti yochokera ku Paleochora, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Elafonisi, ulendo wa ola limodzi, yomwe siyenda mphepo ikakula. Zonse zitatuzi zili ndi chilema chimodzi: zimakufikitsani pa ola la khamu. Mukasankha imodzi mwa izi, mankhwala ake ndi kuwoloka msanga n'kuyenda kutali, monga tafotokozera m'munsimu.

Amene angathe kugona pafupi ndiye wapata. Ku Chrysoskalitissa ndi m'mbali mwa msewu wotsikira kugombe muli tinyumba ta alendo tochepa, ndipo wogona kumeneko amakhala m'madzi 7 koloko. Kumanga tenti pagombe kapena m'nkhalango n'koletsedwa ndi malamulo a Greece, kusonkha moto chimodzimodzi.

Mukafika

Magalimoto saloledwanso kufika pamchenga monga kale. Mumaimika kumtunda pamalo olipira, n'kutsika wapansi mphindi 10 mpaka 15 pa njira ya fumbi yopanda mthunzi. Kutsika n'kosavuta, koma kumbukirani kuti katundu yense mudzamukweza pobwerera, dzuwa lili pamutu. Chikwama cha kumsana chimaposa zikwama za m'manja, ndipo ngolo ya mwana ya matayala ang'onoang'ono imatitimira. Musasiye pasipoti kapena foni pampando wa galimoto.

Malowa ali patatu. Pali gombe la kumtunda, komwe kuli mabedi ndi maambulera obwereka, tizikanyumba togulitsa zakumwa ndi masangweji, zimbudzi, ndi nsanja ya wopulumutsa anthu. Pali dziwe losaya la pakati, lomwe m'malo ambiri limalekeza m'mawondo. Ndiye pali kachilumba kenikeniko, komwe dzina lake m'Chigiriki limatanthauza chilumba cha agwape. Anthu ambiri amangoima pa chigawo choyamba, pamene kukongola kwenikweni kuli pa chachitatu.

Mabedi amabwereketsedwa awiriawiri ndi ambulera imodzi, ndipo mu Ogasiti amakhala atatha pofika 10 koloko. Simukakamizidwa kubwereka. Magombe a ku Greece ndi a aliyense, ndipo lamulo la 2024 limati gawo lalikulu la gombe, 70 peresenti, kapena 85 peresenti m'malo otetezedwa, lisaikidwe mabedi, komanso mabediwo atalikire mamita 4 kuchoka pamadzi. Yalani thaulo pamalo alionse opanda mabedi, kunja kwa zingwe zotchinga zomera. Sungani makobili a chimbudzi, ndipo pepala mukatha kugwiritsa ntchito muziponya m'kabini ka pambali, osati m'chimbudzi, chifukwa mapaipi a kumeneko ndi aang'ono ndipo amatsekeka.

Kuwoloka

Mtunda wochoka kugombe la kumtunda kufika pakachilumba sufika mamita 200, ndipo zaka zina mchenga umaunjikana mpaka kulumikiza mbali ziwirizi. Yang'anani mtundu wa madzi. Pamene akuoneka oyererako ndi posaya, pamene akuderako ndi pakuya kapena pamiyala. Tsatani pamene anthu ena akudutsa. Tsiku la bata madzi amalekeza m'mawondo kapena m'ntchafu, koma mphepo ikawomba masiku angapo amatha kufika m'chiuno ndipo pakatipo pamakhala kukoka kwa madzi. Senzani chikwama pamutu, foni ndi makiyi a galimoto zili m'kapulasitiki kotseka bwino. Makiyi a masiku ano akalowa madzi amchere galimoto silira, ndipo wokuthandizani ali kutali. Mwana wamng'ono anyamulidwe kapena agwiridwe dzanja, chifukwa pofika m'ntchafu mwa wamkulu pamakhala m'khosi mwa mwana wa zaka zinayi.

Kutsidyako kulibe mabedi, kulibe ogulitsa, kulibe chimbudzi, kulibe mthunzi. Khamu limathera m'mamita oyambirira. Yendani mphindi 10 kapena 15 motsata m'mphepete mwa kumwera, mudzapeza timagombe ting'onoting'ono tobisika pakati pa miyala, tina topanda munthu ngakhale mu Julayi. Milu ya mchenga ya pakati pa chilumba yatchingidwa ndi zingwe. Musalumphe. Dera lonseli lili m'gulu la malo achilengedwe otetezedwa ndi bungwe la European Union, lotchedwa Natura 2000, ndipo m'milumo mumamera maluwa oyera a m'mchenga otchedwa Pancratium maritimum, omwe amachita maluwa chakumapeto kwa nyengo yotentha, komanso kachomera kosowa kwambiri, Androcymbium rechingeri, komwe kamatuluka m'nyengo yozizira ndipo nthawi yonse ya alendo anyezi wake amakhala pansi pa mchenga womwe munthu angaponde osadziwa. Akamba a m'nyanja a mtundu wa Caretta caretta nawo amaikira mazira m'magombe a ku Crete. Mukaona kakhola ka waya kapena timitengo tozikidwa pamchenga, ndi chisa, pitani patali.

Amene ali ndi mphamvu apitirire mpaka kunsonga ya kumadzulo, ulendo wa theka la ola, atavala nsapato. Kuli katchalitchi ka Agia Irini ndi nyale yowongolera sitima. Malowa ali ndi mbiri ya chisoni imene ambiri osambira saidziwa. Mu 1824, pa nkhondo yomenyera ufulu wa Greece, asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey anapha mazana a anthu omwe anabisala pachilumbachi, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, ndipo pali chikumbutso chawo. Mu Febuluwale 1907 sitima ya ku Austria yotchedwa Imperatrix inasweka pa matanthwe a pompa, anthu pafupifupi 40 n'kumwalira. Yendanipo mwaulemu.

Za mchenga wa pinki

Musayembekezere gombe lonse kukhala la pinki. Mchenga wambiri ndi woyera. Pinkiyo ndi kamzere, pena kopyapyala ngati chikhatho, pena kotambalala mita imodzi kapena kuposa, komwe kamatsata pamene mafunde amalekezera. Zithunzi zambiri za pa intaneti anazikoleza mtundu.

Mtunduwo umachokera ku tizamoyo tating'onoting'ono ta m'nyanja totchedwa foraminifera, tomwe tili ndi zigoba zofiira ndipo timamatirira kunsi kwa miyala ndi m'maudzu a pansi pa nyanja. Tikafa, mafunde amapera zigobazo n'kuzisakaniza ndi zidutswa za nkhono zoyera. Popeza n'zopepuka kuposa mchenga wamba, madzi amazisiya pamwamba m'mphepete, monga gaga amayandamira potsuka mphale. N'chifukwa chake mzerewo umasuntha tsiku ndi tsiku malinga ndi mphepo ndi mafunde, ndipo tsiku lina umachepa kwambiri. Umaoneka bwino mchenga ukakhala wonyowa, dzuwa lili pansi, mapazi a anthu asanausokoneze, chomwe ndi chifukwa china chofikira m'mamawa. Funani m'timagombe ta pachilumba, osati pafupi ndi mabedi.

Kutapa mchengawu n'koletsedwa ndipo pali chindapusa. Kabotolo kamodzi kamaoneka ngati si kanthu, koma anthu amafika masauzande tsiku lililonse, pamene zigobazo zimatenga nthawi yaitali kuti ziunjikanenso. Kung'unthani thaulo ndi nsapato musanachoke. Masamba akuda ouma omwe nthawi zina amaunjikana m'mphepete si zinyalala ayi, ndi udzu wa pansi pa nyanja wotchedwa Posidonia, ndipo umateteza gombe kuti lisakokoloke.

Zonyamula

Madzi akumwa akhale malita awiri pa munthu wamkulu, atatu ngati mukhala tsiku lonse kapena muwoloka. Ikani mabotolo ena mufiriji usiku kuti aundane, adzasungunuka pang'onopang'ono n'kuziziritsanso chakudya. Gulani mkate, tchizi, tomato ndi zipatso ku Chania kapena ku Kissamos, chifukwa za kugombe n'zodula ndipo mzere wake ndi wautali. Tengani thumba la zinyalala, zonse mubwerere nazo.

Mafuta oteteza khungu ku dzuwa akhale a SPF 30 kapena 50. Khungu lakuda limapsanso, ndipo pano limapsa mosazindikira, chifukwa kamphepo kamaziziritsa thupi pamene kuwala kukuchokera kumwamba, kumadzi ndi kumchenga woyera nthawi imodzi. Thupi lonse la wamkulu limafuna masupuni aakulu awiri. Dzolani kutatsala mphindi 20 kuti mulowe padzuwa, mubwereze pa maola awiri alionse ndiponso mukangotuluka m'madzi. Malo oiwalika ndi pamwamba pa mapazi, kuseri kwa mawondo, makutu ndi padazi. Chipewa chikhale cha chingwe.

Ambulera yanuyanu imagulidwa motchipa m'masitolo a ku Chania. Poizika, kumbani mpaka mupeze mchenga wonyowa, masentimita 30 kapena 40, ipendekereni kumene mphepo ikuchokera, ndipo mangani thumba lodzaza mchenga pa mtengo wake. Ambulera youluka imavulaza anthu. Chitenje chimagwira ntchito zambiri pano: choyala, chotchinga mphepo, chofunda padzuwa, komanso chovala polowa m'tchalitchi. Onjezani nsapato za m'madzi za labala, magalasi osambirira, ndi ndalama ya m'manja pang'ono, chifukwa makina a khadi amatha kukana netiweki ikavuta. Masoketi a ku Greece ndi a mabowo awiri ozungulira, ndiye tchaja ya mapini atatu imafuna adaputa.

Zoopsa za m'madzi

Wozolowera nyanja ya Malawi apeza kuti madzi amchere amayandamitsa thupi mosavuta, amawawa m'maso ndi pazilonda, ndipo amawonjezera ludzu. Kulibe ng'ona, kulibe mvuu, kulibe likodzo. Zoopsa zake ndi zina.

Choyamba ndi mphepo yokankhira kunyanja. Kumwera kwa kachilumbako kumaoneka kwa bata tsiku la meltemi chifukwa n'kuseri, koma mphepo yomweyo imakankha chilichonse choyandama kupita kutali, ndipo kutsogoloko ndi nyanja yokhayokha mpaka ku Libya, makilomita pafupifupi 300. Matiresi opopa, machubu ndi mipira zimathawa mwaliwiro loposa la munthu wosambira. Musaike mwana pa chopopa kumbali imeneyi, ndipo mpira ukapita musauthamangire. Wopulumutsa anthu ali kugombe la kumtunda, sakuonani kuno. Ana ndi osadziwa kusambira akhale m'dziwe la pakati, wamkulu ali pafupi moti n'kuwagwira. Mbendera yofiira ikutanthauza kuti musalowe m'madzi.

Chachiwiri ndi tizilombo takuda taminga tonga kanungu, Agiriki amati achinos, tomwe timamatirira pamiyala. Minga yake imathyokera m'phazi. Zulani yotulukira kunja ndi kopanira, viikani phazi m'madzi ofunda, ndipo yakuya musaikumbe ndi singano, pitani nayo kuchipatala. Chachitatu ndi kansomba kotchedwa drakena, komwe kamadzikwirira mumchenga wa m'madzi osaya, minga yaululu ya pamsana ili m'mwamba. N'kosowa, koma ululu wake ndi woopsa. Viikani phazi m'madzi otentha monga mungapirire osapsa, madigiri 40 mpaka 45, kwa theka la ola kapena kuposa, pakuti kutentha kumafooketsa ululuwo. Ayezi sathandiza. Pemphani madzi otentha kwa ogulitsa khofi. Nsapato za labala zimateteza ku zonse ziwirizi.

Munthu akayamba mutu, chizungulire ndi nseru, ndi dzuwa limenelo. Mugonekeni pamthunzi, munyowetseni, amwe madzi pang'onopang'ono. Akayamba kusokonezeka polankhula kapena kukomoka, imbani 112 nthawi yomweyo. Nambalayi ndi yaulere ndipo amayankha m'Chingerezi. Ambulansi ndi 166, asilikali a panyanja 108. Chipatala chaching'ono chapafupi chili ku Kissamos, chachikulu ku Chania, kutanthauza ola limodzi kapena awiri. Odwala mphumu, shuga kapena mtima asasiye mankhwala awo ku hotela.

Kedrodasos, Chrysoskalitissa ndi njira yobwerera

Kum'mawa kwa Elafonisi, ulendo wa theka la ola kapena kupitirira pang'ono wapansi pa njira ya oyenda pansi yotchedwa E4, yolembedwa zizindikiro zachikasu ndi zakuda, kuli gombe la Kedrodasos. Dzinalo limatanthauza nkhalango ya mikungudza, ndipo mitengo yake yopindikapindika, yomera mumchenga, ndi ya banja limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje. Imakula pang'onopang'ono kwambiri, choncho musathyole nthambi kapena kumangapo zingwe. Kulibe chogulitsa chilichonse, njira yake ndi ya miyala yofuna nsapato zotseka, ndipo dziwiranitu, makamaka ngati muli ndi ana kapena makolo, kuti ena amasamba osavala kumeneko. Njira yomweyo imapitirira mpaka ku gombe la Krios kufupi ndi Paleochora, maola atatu kapena anayi, ndipo si yoyenda masana a Julayi.

Makilomita 5 kumpoto kwa gombe, pamsewu womwe munadzera, pali nyumba ya amonke ya Chrysoskalitissa, yoyera, yomangidwa pa thanthwe loyang'ana kunyanja. Dzinali limatanthauza sitepe ya golide, ndipo nthano ya kumeneko imati imodzi mwa masitepe ake ndi ya golide koma amaiona ndi wopanda tchimo yekha. Theka la ola likwana. Pakhomo pamalipiridwa kandalama kochepa. Phimbani mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe, ndipo musalowe ndi zosambira. Moni wa m'mawa ndi kalimera, wa madzulo kalispera, zikomo ndi efharisto.

Chakudya chenicheni idyani pobwerera, ku Elos kapena ku Kefali, pansi pa mitengo, komwe kumazizirirako kuposa kugombe. Elos ndi mudzi wa mitengo ya mtedza waukulu wotchedwa kastana, ndipo mu Okutobala amachita chikondwerero chake. Itanitsani dakos, womwe ndi mkate wouma wa balere wothiridwa tomato, tchizi chofewa ndi mafuta a azitona, kapena kalitsounia, tizitumbuwa ta tchizi kapena masamba, kapenanso nyama ya mbuzi yophika mumphika. Pamapeto adzakubweretserani kabotolo ka tsikoudia, kachasu wa mphesa, kaulere ngati ulemu. Ndi woledzeretsa zedi. Malire a mowa kwa woyendetsa ndi magalamu 0.5 pa lita ya magazi, ndipo phanga la Topolia ndi makhota ake zikadali kutsogolo, choncho dalaivala angothokoza, anene kuti akuyendetsa, amwe khofi.